Kachingwe pa Mwendo wa Mbuzi

"Ndiye mukuti kanadzimanga kokha pa mwendo wa mbuzi?"

A Gwaza anangoti zyoli. Mkazi wawo, Nangondo, anali atanyamula kachingwe ka zaumoyo kamene aliyense m'mudzimo amavala padzanja. Thupi likayamba kutupa m'kati, matenda asanaonekere, kamafiira, ndipo mwini wake amaletsedwa kugwira khasu. Anzake amamulimira, dzina lake n'kulengezedwa kutchalitchi.

Ka a Gwaza kanafiira mvula isanagwe. Mwamuna wamanja awiri kulimiridwa ngati wamasiye? Anasankha mbuzi yonenepa n'kuimanga kachingweko, ndipo kuchipatala, kumene kamatumiza uthenga, anawayamikira kuti magazi awo ndi a mnyamata.

"Inetu ndimanyadira," anatero Nangondo motsitsa mawu. "Mapazi anu akutupa, ine n'kumati nsapato zachepa. Mchere ndimakuthirirani wodzaza dzanja, bambo a Mwatitha, poti makina akuti muli bwino."

"Ndimati ndikolole kaye, mayi."

"A zaumoyo aimba foni m'mawa uno. Akuti muli ndi pakati. Mapasa."

A Gwaza anafuna kuseka, koma Nangondo anali atawamanga kale kachingweko padzanja. Kanafiira mpaka kuda.

"Chimanga mukuferachi, tidzadyera pamaliro a ndani?"