Bambo Kaitano Pakhomo la Eni

Tabitha atafika, anapeza bambo ake, a Kaitano, atakhala m'fumbi pakhomo la eni ku Tsvingwe, komboni ya kumgodi pafupi ndi Mutare, anthu atawazungulira. Anali atavala jombo zawo zakale za kumgodi, koma buluku analibe. Pachipumi pankatuluka magazi.

"Muroyi! Mfiti ya ku Malawi!" anakuwa m'Chishona Chengetai, mwini nyumbayo, mwala uli m'manja. "Ndamupeza m'khitchini mwanga akuvundukula mapoto!"

Tabitha anamasula chitenje chake n'kuwamangira bambo akewo m'chiuno. Kenako anatembenukira kwa Chengetai.

"Iwe Chengetai, nyumba iyi tinkakhalamo ife, iwe usanabadwe n'komwe. Ubongo wa bambo angawa ukufota ndi ukalamba. Adokotala ku Mutare anandionetsa chithunzi chake, ndinaona ndi maso angawa. Chishona chonse chinawathawa, chatsala n'Chinyanja cha kwawo basi. Umafuna akuyankhe bwanji?"

"Ndiye muziwamangirira," anatero wina chakumbuyo.

"Ngati mbuzi? Munthu amene anathera mphamvu zake mumgodi umene ukukudyetsaniwu? Ponya mwalawo, Chengetai! Genda ine! Nawenso udzakalamba."

Chengetai anausiya mwalawo, unagwera pamapazi ake. Palibe amene anapepesa.

Tabitha anagwada n'kupukuta magaziwo ndi mkono wa bulauzi yake. "Tiyeni kunyumba, ababa."

A Kaitano anamuyang'anitsitsa, kenako anachotsa dzanja lake paphewa pawo mwaulemu.

"Pepani mayi, sindingachoke pano. Mwana wanga Tabitha aweruka kusukulu posachedwapa. Akapeza pakhomo palibe munthu, amalira."