Bambo Amene Anadula Bango Pofuna Kuteteza Mwana

Panali bambo wina wachinyamata amene apongozi ake anamusiyira kanyumba kopumulirako m'mbali mwa kanyanja kena. Amene anandiuza akuti zinachitikadi. Pamalopo panali tinyumba pafupifupi makumi awiri, ndipo eni ake ankabwera nyengo yotentha yokha, ana akatsekera sukulu. Madzi a m'mipopi kunalibe. Nyumba iliyonse inali ndi paipi yake yolowa m'nyanjamo ndi kapampu kokokera madzi m'thanki. Akumwa ankasefa n'kuwiritsa.

N'chifukwa chake anthuwo anali ndi pangano: sopo asalowe m'nyanja, feteleza asathiridwe pabwalo, ndipo bango la pakati pa nyumba ndi madzi munthu asadule. Loweruka lililonse m'mawa mabanja ankasinthana kupalasa bwato n'kumamiza m'malo angapo mbale yoyera yomangidwa kuchingwe cha mfundomfundo. Ankawerenga mfundo zimene zalowa mbaleyo isanazimiririke, ndipo madzi akakhala abwino zinkakwana zisanu ndi zitatu. Bamboyo ankaseka kuti anthu akuluakulu akuwedza nsomba ndi mbale.

Iye ndi mkazi wake anali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zitatu, wosakhazikika pansi. Tsiku lina masana mwanayo anasowa kwa mphindi zochepa chabe. Anakamupeza m'bango akuthamangitsa chule, matope mpaka m'mawondo.  Bamboyo anaganiza za njoka, anaganiza za kumira. Amene muli ndi ana aang'ono mukudziwa mmene zimakhalira. M'mawa mwake anatenga chikwanje.

Mayi wa nyumba yoyandikana nayo, namwino wopuma pantchito amene onse ankangomutchula kuti a Nesi, anabwera atamva kugwa kwa bango. Anamuuza modekha kuti bangolo ndi limene limagwira matope ndi zonyansa mvula ikagwa, ndipo ngati nkhawa ili pa mwana, azibambo a pamalopo angathandizane kumanga kampanda tsiku limodzi lokha.

"Mayi, inu ana anu anakula kale," anatero bamboyo. "Ine ndikufuna ndikakhala pakhondepa ndizimuona wangayu mpaka kumadzi."

Mkazi wake naye anamukumbutsa kuti bambo ake anakhala pamenepo zaka makumi atatu osalikhudza bangolo. Iye anayankha moseka kuti mwina apongoziwo analibe chikwanje chakuthwa.

Atalambula malo onse anabzala kapinga. Wogulitsa mbewu kutauni, munthu amene kanyanjako anali asanakaonepo, anamuuza kuti akathira feteleza wambiri kapingayo atseka pansi msanga. Bamboyo anadikira tsiku limene anzake ambiri anapita kukagula zinthu, n'kumwaza thumba lonse mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Patatha masiku atatu kunagwa chimvula, chinakokololera zonse m'nyanja. Kenako dzuwa linawomba sabata yathunthu.

Nyumba yake inali pokhota, pamene madzi sayenda. Pamenepo panayamba kuyandama ndere zobiriwira ngati munthu wakhuthula penti. Loweruka mbale ija inazimiririka pa mfundo yachiwiri. A Nesi anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti azimitse mapampu, asamwe madziwo ngakhale owiritsa, ndipo ana asasambire. Pakhomo pa bamboyo anapeza iye yekha, mkazi wake akugoneka mwana kuchipinda. Bamboyo anavomera ndi mutu. Koma kuuza mkazi wake kunali ngati kuvomera kuti walakwa, ndiye sanamuuze. Mumtima anati, si timawiritsa? Thanki itatsala pang'ono kuuma anayatsa pampu, chonsecho paipi yake inali pakati penipeni pa nderezo.

Mkaziyo anawiritsa madzi monga mwa masiku onse. M'mawa mwake mwana anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, khungu lili totupatotupa. Pofika masana sankathanso kukhala tsonga. A Nesi ataitanidwa anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, n'kufunsa madzi amene wamwa. Mkaziyo anati ndi owiritsa bwinobwino, a m'thanki. A Nesi anatembenukira bamboyo.

"Uthenga wanga uja munawauza mayi a mwanayu?"

Bamboyo anavomera kuti sanawauze.

Chipatala chinali mtunda wa ola limodzi pagalimoto, ndipo anathamangira naye mwanayo kumeneko. Adokotala anawauza kuti ndere zina zimatulutsa poizoni amene kuwiritsa sikumuchotsa, ndipo thupi la mwana limatha madzi msanga. Mwanayo anakhala pa diripi masiku awiri. Mwamwayi anachira.

Atabwerera anapeza zigubu za madzi a kutauni zitandandalikidwa pakhonde pawo. Palibe anamukalipira. Azibambo anangomuuza kuti kudula ankadula yekha koma kubzalanso bangolo abzala naye, ndipo pa ntchitoyo ndowa yolemera azinyamula ndi iye. Komabe kusambira kunatsekedwa mpaka tchuthi kutha. Ana a nyumba zonse ankangokhala pamchenga dzuwa likuwotcha, n'kumaponya timiyala m'madzi.

Tsiku lina mwana wake ali pakati pa anzakewo anafunsa kuti, "Adadi, tisambira liti?"

Ana onse anatembenuka kudikira yankho. Iye anati chaka chamawa.

Mkazi wake, amene anakhala chapafupi, anati, "Auzeninso chifukwa chake, bambo ake."

Bamboyo ananjuta pamaso pa anawo n'kuwauza zonse, kuyambira pa chikwanje.

Phunziro: Mantha a kholo asatipangitse kuswa pangano limene likuteteza ana a tonse, ndipo chenjezo lokhudza madzi musamalisunge mumtima chifukwa cha manyazi. Mukauzidwa, uzani am'nyumba mwanu nthawi yomweyo. Tumizirani makolo anzanu, makamaka amene akupita ndi ana aang'ono kufupi ndi madzi tchuthi chino.