Ntchito Imene Elube Adabisa

Elube adalakwira bambo ake, a Fanuel Kachiwanda, m'nyengo yosankha fodya chaka chino, ndipo a Fanuel adaonetsetsa kuti Mitundu yonse yamva.

Mwanayu adamuphunzitsa ndi thukuta la ukapitawo pa esiteti ya fodya. Tsopano ali ku Lilongwe, ku bungwe lina lofufuza za ntchito. Amatolera zolengeza ntchito za pa intaneti, n'kumaimbira olengezawo kufunsa kuti ntchitoyo ili kuti, ndi yatsopano kapena akuchotsapo munthu. Ntchito za dziko lonse zimadutsa m'manja mwake, koma mlongo wake Gilibati amangotha masilipasi pamudzi.

Elube atabwera kudzacheza, Gilibati adasuzumira pa foni ya mlongo wakeyo, n'kuonapo ntchito yolengezedwa. Esiteti ina kum'mwera kwa Lilongwe inkafuna kapitawo wachinyamata wodziwa fodya. Dzina la esitetiyo panalibe.

"Imeneyo ayi," adatero Elube, n'kulanda foniyo.

A Fanuel atamva, adamulondola pa siteji ya minibasi, pomwe ankakwera kubwerera m'tauni.

"Ukufuna uzidya wekha, ife tizikugwadira? Mlongo wako wakulira m'zigafa, fodya amamudziwa ngati ine!"

"Bambo, anthuwo ndidawaimbira. Chonde isiyeni. Tikambirana kwatokha."

"Nena pompano! Wasungira chibwenzi chako, eti?"

Elube adayang'ana amayi ogulitsa tomato ndi makondakitala amene adawazungulira, n'kupukusa mutu.

"Mwaona?" adakuwa a Fanuel. "Ndidabala mfiti ine. Sukulu yangomunola mano."

Anthu adaseka, ena adagwira pakamwa. Elube adapereka nambala ya olengezawo misozi ili mbwembwembwe, n'kulowa m'minibasi osatsanzika.

Patsiku la mafunso, a Fanuel adabwereka Gilibati jekete lawo la kutchalitchi ndipo adamuperekeza okha mpaka pa Nathenje, ku kaofesi ka anthu olemba antchito m'malo mwa maesiteti. Adakhala pakhonde la golosale yoyang'anizana nako, namauza aliyense wokhala pafupi za mwana wamkazi wouma mtima. Anyamata ankalowa ndi mapepala, n'kumatuluka mapewa atagwa. A Fanuel sadade nkhawa. Ndani mwa amenewo adagwirapo tsamba la fodya?

Gilibati adatuluka pomalizira, jekete lili m'manja.

"Andilemba," adatero.

A Fanuel adadzuka, nagwirana chanza ndi mwini golosale ngati mbale wawo.

"Nanga nkhope yagweranji? Esiteti yake ndi iti?"

Gilibati adayang'ana pansi.

"Ndi yanu, ababa. Akuti kapitawo amene alipo wakalamba, maso adafooka. Adzamuuza Lolemba kuti ntchito yamuthera."

Pa siteji ya Mitundu anthu akumunenabe Elube, ndipo a Fanuel sadapiteko kukakonza mawu awo.