Chisamani cha Khalidi

Juwizi, woweruza mlanduwo, anakweza pepala m'mwamba. "Mayi, chala chinadinda apachi n'chanu?"

"N'changa," Kulusumu anayankha, maso ali pa simenti.

Mwamuna wake Khalidi, msodzi wa ku Amaramba, anaweruzidwa iye kulibe. Tiribunale, khoti la boma, inalamula kuti achoke pakhomo pomwe wakhala zaka zonsezi, asadzapondenso ngakhale m'munda wa chinangwa. Lero anabwera ndi adivogado, loya wochokera ku Cuamba, wovala jekete pa dzuwa loswa mtengo, kudzapempha kuti chigamulocho chifafanizidwe. Ankati chisamani chomuitanira ku mlandu sanachione n'komwe.

Ndipo sanachionedi. Tsiku lomwe wopereka zisamani anafika pa njinga yamoto, Khalidi anali ku msasa wa asodzi. Mkuluyo sanazimitse ndi injini yomwe. Anaona mayi akuyanika makaka pabwalo, n'kukuwa: "Pano m'pa Khalidi? Inu ndinu akazi awo?" Dzina sanafunse. Anatulutsa inki, kugwira chala, kudinda, uyo fumbi koboo! Ena ndi otero. Nkhani ya moyo wa munthu amaigwira matako ali pa chishalo.

"Munawapatsa amuna anu pepalali?" juwizi anafunsa.

"Ayi."

"Munawauza?"

"Ayi."

"Chifukwa chiyani?"

Kulusumu anaponya diso kwa Khalidi, n'kubwezanso maso pa simenti. Pa benchi ya kumbuyo panali Rashida, mlongo wake wa Khalidi, wogulitsa zitenje ku Entre Lagos, mayi amene pakamwa pake sipaopa malo.

"Yankhanitu, alamu! Kunyumba mumalongolola ngati wailesi, lero mabatire atha? Mwamuchititsa manyazi mlongo wanga mpaka kumzikiti!"

Anthu anaseka. Wapolisi anagogoda chitseko kuti phokoso lithe, koma naye ankabisa mano.

Kulusumu anafinya nsonga ya mpango wake. Anaganiza za ana ake, Anisa ndi Saumu, amene m'mawa anamuperekeza mpaka pamsewu akufunsa ngati zithe lero. Nyumba ija ndi yokhayo anali nayo. Kupatula pamenepo analibe khonde lina loti n'kukayala mkeka ndi atsikana awiri.

Adivogado anaimirira. Anathira Chipwitikizi chothamanga, akutchula manambala a malamulo, chala chikubaya mpweya. Womasulira ankangotola nyenyeswa n'kumponyera Kulusumu. Iye anayesa kutchera khutu, koma mawu ankamudutsa pamutu monga mbalame za kudambo. Moyo wake ankaukambirana anthu atatu, m'chinenero chomwe iye amangodziwa moni ndi mitengo ya pamsika.

Wopereka zisamani uja ataitanidwa anangokanda m'mutu. Anati midzi inali yambiri, mafuta ochepa, mvula ikubwera. Palibe anamukalipira. Anabwerera pampando wake n'kuyamba kukanda foni.

Juwizi analemba kwa nthawi ndithu, kenako anavula magalasi.

"Munthu saweruzidwa asanamvedwe. Chisamani ichi sichinaperekedwe mwa lamulo. Choncho chigamulo chija chafafanizidwa, ngati sichinakhalepo. Bambo Khalidi ali ndi ufulu wobwerera pakhomo lero lomwe. Mlandu udzayambiranso pachiyambi, mvula ikadzatha."

Rashida anaimba nthungululu mpaka wapolisi anamutulutsa, iye akuvinabe. Khalidi anagwira adivogado chanza ndi manja awiri, anakonza chisoti chake choyera, n'kutembenukira kwa mkazi wake akumwetulira.

"Tiyeni, amake Anisa. Minibasi ya shapa itisiya. Tikacheza bwino kunyumba."

Kulusumu sanamutsatire. Anakhala pa benchi.

"Tisanatseke," anatero juwizi, "wodandaula pa mlanduwu aimirire. Amvetse kuti chisamani sichisiyidwa m'manja mwa munthu amene anasuma."

Kulusumu anadzuka pang'onopang'ono, atagwirira mkono womwe Khalidi anauthyola chaka chatha chifukwa cha ndiwo zozizira. Pepala lija akanampatsa ndi dzanja liti?