Mafupa a Bambo ndi Mwana

"Matenda ndi amodzi, koma mafuta a m'mafupa anu akusiyana," anatero adokotala, akuchotsa diso pa makina oonera tinthu tating'onoting'ono.

Bambo amene ankauzidwa zimenezi anakhala chopendekeka pabenchi, poti m'chiuno momwe anawabaya singano munkapwetekabe. Mwana wawo wamkazi anali pamiyendo pawo, nayenso ali ndi thonje m'chiuno. Onse awiri magazi awo sankaundana msanga, ndipo mikono yawo inali mawanga akuda okhaokha.

"Kwa ana, matendawa nthawi zambiri amatha okha. Uyu ndikuona kuti achira. Koma inu, bambo, mwina mukhala nawo, muzingomwa mankhwala."

Bambowo anaseka mpaka misozi. "Bwerezani za mwanazo, adokotala. Zangazo zisiyeni."

Mwanayo anakwinya nkhope n'kuyika kamkono kake pa mkono wa bambo ake.

"Ndiye adadi mutsala nokha? Ine sindichira. Ndikudikirani."

"Ayi, mayi wanga, iwe tsogola. Ife akuluakulu timayenda pang'onopang'ono."

Mwanayo anaganiza kaye, chala chili kukamwa.

"Chabwino. Koma mukatuluka kamfuno muziitana ine. Amayi satha kugwira mphuno bwino."