Nsomba Yachiwiri ya Tissa

Sriyani ankadyetsa nsomba za malemu mwamuna wake Tissa pomwe mlendo anagogoda. Anali mkazi wachitsikana, wovala zoyera za chisoni, atanyamula jumbo ya madzi. Mkatimo munkazungulira kansomba kofiira.

"Akka," anatero mwaulemu ngati akulankhula ndi mkulu wake, "ndine Dilrukshi. Iyi ndi ya bambo Tissa. Kwathuko palibenso wodziwa kuisamala."

Sriyani anakukuta mano. Ndiye ameneyu! Kwa zaka ziwiri Tissa ankasowa pakhomo Lachinayi lililonse, n'kubwera madzulo ali lefu, osafuna ndi mpunga womwe. Akafunsidwa ankati anali kwa asodzi kugombe la Negombo. Asodziwo sankamuona. Sriyani anasamukira kuchipinda china, ndipo nkhani zawo zinatsala za tiyi basi. Khansa itamugwetsa Tissa mwadzidzidzi mwezi wathawu n'kumutenga, Sriyani analira pang'ono chabe.

Anayang'ana thanki yagalasi ya madzi amchere. Nsomba yaimuna ya Tissa inali itatambasula zipsepse, ikung'anima pofuna kudzionetsa kwa zazikazi. Ya m'jumboyi inafanana nayo ngati mapasa, kungosiyana timinga tapamsana.

"Mitundu ndi iwiri, koma zafanana kwambiri," anatero Sriyani mouma. "Zazimuna zotere zikakumana pamalo ochepa zimang'ambana zipsepse mpaka ina kudumphira panja. Sanakuuzeni? Kapena nthawi yokamba za nsomba inkakusowani?"

Dilrukshi sanachimve chipongwecho.

"Ankati mukayamba mwaiika m'kabokosi koonekera mkati mwa thankimo, zimazolowerana. Ankati pa zimenezi inu mumawaposa."

"Ankakamba za ine? Kwa inuyo?"

"Kwa tonse, akka. Sankatha tsiku osakutchulani."

"Tonse ndani?"

Mlendoyo anamuyang'ana modabwa.

"Anamwino anzanga. Ndimagwira ntchito kuchipinda komwe odwala khansa amalandirira mankhwala. Thanki ya kumeneko anatiikira ndi iwowo, kuti iwo ndi anzawo azikhala ndi choyang'ana dripi ikamatsika."

Dilrukshi anapukuta msozi ndi nsonga ya nsalu yake ya sari, n'kumwetulira.

"Zaka ziwiri zonsezi tinkalakalaka kukuonani. Koma Lachinayi lililonse ankati mwawaperekeza, mukuwadikira pageti, poti fungo la chipatala limakudwalitsani."