Nkhope ya Chilombo

"Dikirani, bambo, nkhope yanga ikubwera," Dattaram ananong'oneza bambo ake a Sulbha, chibwenzi chake, m'holo ya kanema ku Dadar. Mkuluyo anali atanenetsa kuti mwana wake sangakwatiwe ndi wosewera wosaoneka nkhope.

Filimu yonse Dattaram anabangula ali m'chikopa cha chilombo, akumenyedwa ndi zitsulo zenizeni, popeza zabodza ankasungira akatswiri. Koma mwini filimu anamulonjeza kuti pomaliza chilombocho chidzasanduka munthu.

Chinasandukadi. Ubweya utayoyoka, panatulukira nkhope yosalala ya mphwake wa mwini filimu uja. Holo yonse inaimba malikhweru.

Mkulu uja anatafuna mtedza wake modekha, kenako anamugunda Dattaram ndi chigongono.

"Iwe chilombo, mnyamata uyo ukumudziwa? Kodi ndi wokwatira?"